A Miti Anaseka pa Manda

"Mulamu, ine sininabwere kuzakupemphani, nabwera kuzakuuzani," anatero Luckson, ataima pakati pa bwalo ngati analisesa ndi iye. "Pa Chiweru cha kumathero kwa mwezi, akulu akwera minibasi, apita kumudzi ku Katete. Nakamba kale na amalume pa foni."

Estina sanasiye kusankha matimati ake. Akupsa ankaika m'beseni, osapsa pathumba, ndipo ophwanyika ankawaponya chapafupi ndi nsapato za mlamu wakeyo, zomwe zinali zopukutidwa ngati za munthu wopita kukafunsira.

"Ku Katete akasungidwa ndi ndani? Amalume anuwo maso anafa kale, amayenda chogwira khoma."

"Kuli kanyumba kumbuyo, kali na chitseko cholimba. Kuja kulibe amene azawaona."

"Ndiye mwawapezera khola."

"Musaniikire mawu mukamwa, mulamu. Imwe munaliko ku manda, munaona na maso anu. Munthu anyamuka kuti awerenge mbiri ya malemu, bokosi lili apa, akatekisiti ali apo, iye akamba chabe kuti 'Ba Cephas anabadwa', basi phwete. Kuseka mpaka kugwira mtanda kuti asagwe. Mtanda wa malemu, mulamu. Manje anthu akamba kuti akulu ndiye anadya mnzawo. Ku shopu kwanga munthu akabwera agula machesi chabe, nayonso alandira ataimirira panja."

Zonsezo zinali zoona. Kwa zaka makumi awiri mwamuna wake, a Phinias Miti, ndiwo ankawerenga mbiri ya malemu pa maliro onse a mu mphakati mwawo ku Chinyunyu. Anali ndi mawu oti akangoti "abale anga", ngakhale adzukulu okumba manda ankatsamira makasu n'kuyamba kufwenthera. Mwezi wa Meyi sitiroko inawagwetsa m'munda, n'kuwasiyira mkono wamanzere wolemera ndi lilime lochedwa. Atangoyamba kuyenda ndi ndodo, mnzawo wapamtima a Cephas anamwalira, ndipo anthu anati mbiri iwerengedwe ndi mwini ntchito. Zimene zinatsatira ndi zomwe Luckson ankanenazo.

Eni nkhaniwo anali pampando pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndithu, akutembenuzira mutu uku ndi uku.

"Ine..." anayamba a Miti.

"Imwe pumulani, akulu, tikamba za imwe," anatero Luckson.

Nthawi yomweyo thadzi linadutsa ndi anapiye ake asanu ndi mmodzi. Kamodzi kanatsalira, kakulira, ndipo make anaima n'kukadikira. A Miti ataona zimenezo milomo inanjenjemera, kenaka misozi mbwembwembwe mpaka kunyowetsa kolala.

"Mwaona?" anatero Luckson, mokondwa ngati thadzilo analituma ndi iye. "Nkhuku alirira, munthu aseka. Mukati ni matenda, matenda a mtundu bwanji amene asankha?"

"Ndipatseni mpaka kutha kwa mwezi," anatero Estina. "Akapanda kusekanso pagulu, nkhani ya ku Katete ithere pomwepo."

"Nanga akasekanso?"

"Sadzasekanso. Ndidziwa chochita."

Chochitacho chinali loko, imene anakagula ku shopu ya Luckson yemweyo. Kumudzi kuno kujomba ku maliro ndi mlandu, ndiye panafunikanso bodza loyenda ndi lokoyo. Maliro oyamba atagwa, Estina anatsekera mwamuna wake m'nyumba, anamangirira kiyi pa mpango, n'kukauza anthu kuti a Miti atsegula m'mimba. Anthu a ku Chinyunyu ndi odabwitsa. Munthu amene ankaopa kumupatsa moni, anamutumizira mankhwala. Pofika madzulo pakhonde panali mulu wa masamba a gwafa woti mbuzi ziwiri kudya n'kusiya, ndipo mayi wina anabweretsa makala osinja m'kapepala, n'kuima patali kufunsa ngati zayamba kulimba.

A Miti sanadandaule. Ankangogogoda kamodzi akamva loko ikutsekedwa, kenaka zii. Kugogoda kumeneko kunkamutsatira Estina mpaka ku msewu waukulu kumene ankagulitsa matimati, koma iye ankadziuza kuti bola loko ya pakhomo kusiyana ndi ya ku Katete.

Maliro achiwiri ndiwo anawononga zonse. Anali a mayi wina wachikulire wa kwaya, ndipo njira yopita kumanda inkadutsa kuseri kwenikweni kwa nyumba ya a Miti. Estina anali pakati pa amayi, nkhope ataikonza bwino. Atafika pafupi ndi zenera, akwaya anayambitsa nyimbo imene a Miti ankaikonda kuyambira unyamata wawo. Ndime yoyamba inadutsa bwinobwino. Pa ndime yachiwiri, m'nyumba yokhoma muja munatuluka chikhakhali chachimuna, chokoka, chopumira m'kati n'kuyambiranso. Onyamula bokosi anasokoneza mapazi. Akwaya theka anasiya, theka anakweza mawu kuti aphimbe, ndipo anaphonya nyimbo.

"Amake Nelly," ananong'ona mayi amene anali pambali pake, "m'mimba mwa amuna anu mumatsegula mokoma."

Estina analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Pobwera kumanda anatsegula loko mokwiya.

"Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala nanu, atate ake Nelly, simunasekepo nthabwala yanga ngakhale imodzi. Ndinkati mwina mano ndi obwereka. Lero mwapeza zokusangalatsani ndi mitembo?"

A Miti anatsegula pakamwa, lilime likufunafuna mawu, koma Estina analibe nthawi yodikira lilime. Anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Ndipo tinene zoona, mayiyu anali atayamba kuopa mwamuna wake. Tsiku lotsatira, iwo akuwothera dzuwa, anatembenuza matiresi kufuna zithumwa. Anapeza kolona, sokosi imodzi, ndi magalasi owerengera amene anasowa chaka chatha, omwe anawakanganitsa awiriwo sabata yathunthu. Luckson sanavutike n'kulowa pabwalo. Anangoima pampanda n'kunena kuti, "Chiweru, mulamu."

Lachiwiri la sabata yomaliza linali tsiku lokatenga mankhwala a bipi ku chipatala cha ku Mpanshya. Estina anawakhazika a Miti pampando wakumbuyo kwa minibasi, n'kumapemphera njira yonse kuti asakumane ndi galimoto ya maliro, kapena nkhuku.

Dokotala amene anawalandira anali mayi wamfupi wovala magalasi, dzina lake Mwiza, wosathamanga pa chilichonse. Anawayeza pamkono, anayang'ana manambala, n'kupukusa mutu.

"Ba Miti, bipi yakwera. Simugona bwino, kapena pali chimene chikuvutani?"

A Miti anaphulika. Anaseka mpaka ndodo inagwa pansi, mapewa akugwedezeka. Estina analumpha, dzanja lina kukankha chitseko kuti a pamzere asamve, lina kuthamangira kukamwa kwa mwamuna wake ndi nsonga ya chitenje.

"Alekeni, amai," anatero dokotala. "Chizasila chokha."

Anadikira ndithu, akulemba zake, ngati munthu wodikira mvula ya kamphindi kuti idutse. Chitatha anawatolera ndodo.

"Zinayamba pambuyo pa sitiroko?"

"Inde."

"Amaliranso pa zinthu zosaliritsa?"

Estina anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kufuna kuona ngati pansi pa malaya oyerawo panali mikanda ya using'anga.

"Mwadziwa bwanji? Wakuuzani ndani za nkhuku?"

"Za nkhuku sinizidziwa. Koma aba si oyamba kubwera nazo muno. Mvetserani. Mu bongo muli malo amene amamva chisoni kapena chimwemwe. Muli malo ena amene amalamula nkhope, pakhosi na chifuwa kuti munthu aseke kapena alire. Pakati pake pali timitsempha timene timagwira ntchito monga waya wa buleki pa njinga. Sitiroko inawononga ka waya kaja. Manje mtima ukangogwedezeka pang'ono, njinga itsetsereka yokha, ndipo nthawi zambiri ilowera kolakwika. Zimene muona pankhope si zimene zili mukati. Munawafunsapo kuti akamaseka amamva bwanji?"

Estina anathyola khosi. Anali atafunsa Luckson, akatekisiti, mlongo wake wa ku Chongwe pa foni, ngakhale matiresi, koma mwini wake ayi.

Dokotala anakokera mpando pafupi. "Ba Miti, musafulumire. Tsiku limene zinayamba, mukati munali bwanji?"

A Miti anayamba kuyankha. Mawu ankabwera limodzilimodzi, ndipo kawiri konse Estina anatsala pang'ono kuwamalizira, koma dokotala anamuimitsa ndi chala.

"Cephas... benchi imodzi... kutchalitchi. Zaka makumi awiri. Pamanda paja ndinali kulira. Pakamwa ndiye panakana." Anapuma. "M'nyumba muja... nyimbo ija. Ndinafuna kuimba nawo."

"M'nyumba muti?" anafunsa dokotala.

Estina anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire, oposa a tsiku la chikhakhali lija. Anamasula kiyi pa mpango, anaiika patebulo, n'kuulula zonse, mpaka za masamba a gwafa. Dokotala sanakalipe, ndipo zimenezo zinapweteka koposa.

"Loko ija muichotse lero. Kuseka uku tingakuchepetse na mankhwala. Akamva kuti kwayamba, apume pang'onopang'ono, asinthe kakhalidwe, ayang'ane kwina. Koma mukawatsekera muzawapatsa matenda ena, okhumudwa mpaka kusiya kudya na kukamba. Nayonso ni matenda a mu bongo momwemo, ndipo ni oopsa kupambana kuseka. Anthu auzeni zoona."

"Anthu akwathu sauzika," anatero Estina. "Tilembereni kalata. Ya chidindo."

Luckson anaiwerenga kalatayo kawiri, anaitembenuza, anaiyang'anira ku dzuwa.

"Chidindo chili bwino. Manje mulamu, anthu a kuno samvera chidindo, amvera namfedwa. Ba Eliness ndiye ayenda nyumba na nyumba kukamba kuti akulu anadya amuna awo. Akazakamba pagulu kuti akulu alibe mlandu, ine nizakhala woyamba kutsitsa chikwama." Ananena zimenezi mofatsa, ndi mtima wa munthu wodziwa kuti sizingachitike.

Lachisanu masana Estina anawaveka a Miti jekete la ku Misa n'kuyenda nawo pang'onopang'ono mpaka kwa Eliness, mkazi wa malemu a Cephas. Eliness anali mwana wa dera lomwelo, wamtali, wa mawu okuluwika, ndipo ankagulitsa anyezi pamsewu matebulo atatu kuchokera pa la Estina. Chichitikireni za kumanda zija anali asanayang'anizane. Anamupeza pakhonde m'zovala zake zakuda akumanga anyezi m'timagulu.

"Mwabwera kuzaseka chani futi?" ndiwo unali moni wake.

"Amake Jessy, tabwera ndi mawu. Atate ake Nelly, nenani. Pumani kaye monga anakuuzani."

A Miti anavula chipewa. Anapuma kamodzi, kawiri, anayang'ana kumbali monga analangizira dokotala. Tsoka ilo, kumbaliko kunali mpando wa a Cephas, uli chitsamire kukhoma.

"Amai... pepani," anatero, ndipo chikhakhali chinabwera chonse chathunthu.

Eliness anaimirira anyezi n'kumwazika. Estina anatambasula manja pakati pawo n'kuyamba kufotokoza mothamanga, mawu a dokotala akutuluka chamutu pansi.

"Ndi waya, amake Jessy. M'mutu muli njinga. Ayi, si njinga yeniyeni, koma buleki yake inaduka, ndiye akafika potsetsereka..."

"Bamuna banu ni njinga?"

"Ayi. Ndikuti bongo. Onani chidindo."

"Chidindo chizaukitsa ba Cephas?"

Estina anapinda kalata ija. Mphamvu zinali zitamuthera, ndiye anangonena zimene zinatsala.

"Dokotala wati nkhope ndi mtima zikhoza kusiyana njira. Munthu mkati akulira, kunja kukuchitika zina, ndipo iye alibe mphamvu. Ine ndinawatsekera m'nyumba ngati mbuzi osawafunsa. Mawa akupita ku Katete kukatsekeredwa mpaka imfa. Ndi zokhazo."

Eliness anawerama. Anatola anyezi awiri, anawayang'ana, n'kuwabwezera pansi.

"Ba Miti, nkhalani apo. Osati pa mupando uyo, pa uyu. Imwe bwerani kuno."

Anamukokera Estina kuseri kwa nkhokwe, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Uja dokota wanu, sanakambeko za muntu wamene misozi ikana kuchoka?"

"Ndani ameneyo?"

"Muntu chabe. Wa ku Shikabeta. Simumuziba."

"Wamwalira ndani kwa munthu wa ku Shikabetayo?"

Eliness anakhala pamwala.

"Kuchokera siku yamene ba Cephas banafa, mu chifuba muno muli monga banaikamo njerwa. Sinimvera chilichonse. Nakudya sinimvera kukoma. Pa malilo nenze kukuwa chabe na pakamwa, menso yali youma gwa. Balongo babo banankhala kusogolo kwanga kuniyang'ana, kupenda misozi. Muziba mwamene bakambira, ati mukazi wosalila ndiye wapaya. Manje nenze na ka anyezi pa kona ya chitenge. Nikazivininkhira kumenso, nafinya."

"Masiku atatu onse?"

"Yatatu yonse. Kununkha kulibe anadabwa, nanga si nigulisa anyezi."

Estina anagwira pakamwa. Kuseka kunamufika pakhosi, ndipo kwa nthawi yoyamba anadziwa ntchito imene buleki imagwira.

"Pamanda anyezi inasila mphamvu," anapitiriza Eliness. "Mulamu wanga anayamba kuniyang'anisisa. Pamene apo ba Miti baseka. Bantu bonse banachosa menso pali ine. Ninamvera bwino, amake Nelly, Mulungu anikhululukire. Pambuyo pake bananifunsa ngati niganiza kuti ni beve, navomera. Nikavomera kamozi, ninayamba kukamba neka."

"Ndiye kanenenitu mawa pamsewu kuti alibe mlandu."

"Nikakamba, bazafunsa kuti nanga ni ndani. Bazabwelera kuli ine. Bazanichosa pa munda, na bana banga." Anapukusa mutu. "Siningakwanise."

Pobwerera Estina anayenda ndi nkhaniyo ikumuyabwa pa lilime. Akanangoiponya pa tebulo limodzi la pamsewu, pofika madzulo ikanakhala itafika ku Luangwa, ndipo mwamuna wake akanapulumuka. Koma akanapulumuka pokankhira mayi wina m'dzenje lomwelo, mayi amenenso mutu wake unali kudwala mwa mtundu wake. Anawafotokozera a Miti zonse ali m'njira, ndipo ulendo uno anadikira yankho mpaka linafika.

"Usanene," anatero a Miti. "Ali ndi ana."

Estina anamva chikondi ndi mkwiyo nthawi imodzi, zomwe m'banja lawo sizinali zachilendo. Atafika kunyumba anatulutsa zikwama ziwiri. Ngati kanyumba ka ku Katete kanali ndi chitseko cholimba, ndiye kakatsekere anthu awiri.

Loweruka m'mawa pamsewu panali podzaza. Ogulitsa nthochi, makala ndi mbatata anabwera msanga, ndipo ngakhale amene analibe chogulitsa anapeza chifukwa choimirira pamenepo. Luckson anavala tayi. Anakwiya ataona chikwama chachiwiri, koma anaganiza kuti mlamu wake akatopa yekha n'kubwerera. Minibasi ya ku Chipata itaima, kondakitala anaponya zikwama zonse kumbuyo n'kuyamba kumenya chitseko.

A Miti sanalunjike ku minibasi. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda ndi ndodo yawo kulowera ku matebulo, pang'onopang'ono, anthu akupatuka ngati kukubwera ng'ombe yolusa.

"Akulu, motoka ili uku," anatero Luckson.

Iwo anapitirira mpaka pa tebulo la anyezi. Eliness anali pamenepo, maso ali pansi. A Miti anapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa pampu ya njinga, yakale, yomangidwa pakati ndi lamba wa chubu.

"Ya Cephas," anatero. "Ndinabwereka... chaka chatha. Ankandikumbutsa Sande iliyonse. Pa nthawi ya... ulaliki."

Milomo inayamba kukoka. Anapuma kamodzi, anapuma kawiri, anayang'ana kumwamba, koma sizinathandize. Chikhakhali chinamveka mpaka tsidya la msewu. Amayi ena anakokera ana kumbuyo kwawo, ndipo wina anachita chizindikiro cha mtanda ndi dzanja logwira nthochi.

Eliness analandira pampuyo chifukwa panalibe pena poti iikidwe. Anaitembenuza. Lamba wa chubu uja anali womangidwa mfundo zitatu zopingasa, mmene a Cephas ankamangira chilichonse, kuyambira thumba la chimanga mpaka chitseko cha bafa, mfundo zimene mkaziyo anakhala akuzitukwana zaka zonse chifukwa sizinkamasulika. Anaikanda ndi chikhadabo. Siinamasuke. Anayesanso, ndipo pamenepo nkhope yake inaphwasuka. Sikunali kulira kwa pa maliro kokhala ndi mawu ndi mayina a makolo. Kunali kulira koipa, kopanda dongosolo, kwa mamina ndi kubanika, ndipo kunatenga nthawi.

Atapeza mpweya anapukuta kumaso ndi mkono, anazungulira tebulo, n'kugwira a Miti pa dzanja lofooka lija.

"Mverani imwe bonse," anatero, mawu akuduka. "Aba bantu sibanadye bamuna banga. Ba Cephas banafa na chifuba, munaziba monse, munali kubamvera kukosomola. Ine ninakamba boza chifukwa nenze na mantha. Aba ni bodwala. Na ine nidwala, nizayenda ku Mpanshya pa Mande. Wamene afuna kukamba, akambe manje, nili pano."

Panalibe amene anakamba. Mlamu wake wa Eliness anali pomwepo pa thumba la makala, ndipo anapeza chinachake chofunika kuchiyang'ana pansi pa nsapato yake.

"Tiyeni, ba Miti, mukamwe tiyi kunyumba. Mupando uja ufuna muntu."

Kondakitala anamenyanso chitseko. "Bamai, muyenda olo simuyenda?"

Estina anayang'ana Luckson. "Mulamu, munati mudzakhala woyamba."

Luckson anayang'ana anthu onse aja. Anapita kumbuyo kwa minibasi ndi tayi yake, anatsitsa chikwama choyamba, kenaka chachiwiri, ndipo popeza panalibe womulandira, anazisenza zonse yekha.

Estina anatsalira pang'ono m'mbali mwa msewu, minibasi ikuchoka. Kutsogolo kwake, m'kanjira kolowera kumudzi, awiri aja ankayenda pang'onopang'ono atagwirana, mwamuna wake akuseka, mayi wa zakuda akulira. Anthu ankawayang'ana m'kamwa muli yasa, osadziwa kuti amvere chisoni uti. Estina ankadziwa kuti onse awiri akuchita chinthu chimodzi, ndipo anakweza chitenje n'kuthamanga kuti akawapeze.